Ndani Akung'amba Masamba a Nzimbe?

Wezi amakhala ku Kande. Kuseri kwa nyumba yawo kuli dimba. M'dimbamo muli nzimbe za amama.

Wezi amakonda nzimbe. Aliyense amadziwa zimenezo.

Tsiku lina amama anaitana mokweza. "Wezi! Bwera kuno!"

Masamba a nzimbe anali ong'ambika. Ili long'ambika. Ilo long'ambika.

"Wachita ndiwe?" amama anafunsa.

"Si ine, amama!"

Mizeck, mchimwene wake, anaseka. "Ndi iyeyo. Sachoka pa nzimbe ameneyu."

Wezi anapsa mtima. Anaponda pansi. "Munandiona? Si ine!"

M'mawa mwake Wezi anabisala m'chinangwa. Anakhala chete. Nyerere inamuluma. Anakhalabe chete.

Kenako kunabwera kambalame. Kanali kachikasu. Nkhope yake inali yakuda. Maso ake anali ofiira. Wezi sanakadziwe.

Kanatera pa nzimbe. Kanaluma tsamba. Kanauluka chokoka. Tsamba linang'ambika, kwee!

Wezi anathamangira kunyumba. "Amama! Ndi kambalame! Kachikasu!"

"Dzina lake?" anafunsa Mizeck.

"Sindikulidziwa."

"Ndi pumbwa?"

"Ayi. Pumbwa ndimamudziwa."

"Ndi namzeze?"

"Ayi. Namzeze si wachikasu."

"Ndiye dzina lake ndi Wezi," anatero Mizeck.

Wezi sanalire. Anagwira dzanja la amama. Anagwira malaya a Mizeck.

"Tiyeni nonse," anatero. "Mukaone ndi maso anu."

Onse atatu anabisala m'chinangwa. Anadikira. Anadikira.

"Miyendo yanga yatopa," anatero Mizeck.

"Khala pansi, iwe!" ananong'ona Wezi.

Kambalame kanabweranso. Kanatera pa nzimbe. Kanaluma tsamba. Kanauluka chokoka. Kwee!

Mizeck anangoti kukamwa yasa.

Kambalame kanapita pamtengo wa kumtsinje. Onse anakatsatira pang'onopang'ono. Pansonga ya nthambi panalendewera chisa. Chinali chobiriwira. Chinali chisanathe kulukidwa.

Kambalame kanalowetsa tsamba. Kanakoka. Kanalowetsanso. Kanakokanso.

"Kakuluka!" anatero Wezi.

Amama anamwetulira. "Aa, ndakadziwa. Imeneyi ndi mpheta."

"Mpheta? Koma mpheta za kumpunga si zowala chonchi," anatero Wezi.

"Iyi ndi yaimuna," anatero amama. "Mvula ikayandikira, nthenga zake zimawala. Imaluka chisa. Yaikazi imabwera kudzachiona."

"Ikapanda kuchikonda?"

"Yaimuna imayambanso china."

"Ndiye tiithamangitse," anatero Mizeck. "Itimalizira masamba."

"Ayi!" anatero Wezi. "Ikumanga nyumba. Sikudya nzimbe."

Amama anagwada. Anamuyang'ana Wezi m'maso. "Mwana wanga, ndinakuganizira molakwa. Pepa."

"Yewo, amama," Wezi anathokoza.

Kenako Wezi anatembenukira kwa Mizeck. Anapinda manja. Anadikira.

Mizeck anayang'ana pansi. "Pepa," anatero motsitsa.

"Sindinamve."

"Pepa."

"Mphetayo sinamve."

"PEPA, WEZI!"

Mpheta inadzidzimuka. Inauluka, phuru! Amama anaseka mpaka misozi.

Atabwerera kudimba, amama anadula nzimbe imodzi. Anaidula patatu.

Mizeck anatola chigawo cha kutsinde, chotsekemera kwambiri. Anachiyang'ana. Anayang'ana Wezi.

"Tenga," anatero.

Wezi anatenga. Anasunthira pambali pang'ono. "Khala apa. Uione bwino mpheta ikabweranso."