Tsamba Loyamba la a Frackson

Anakumana pa siteji ya Chiradzulu Boma, tsiku lomwe minibasi ya ku Limbe inakana kudzaza. Nester anali pazenera, akugwedeza mwendo. Pambali pake panadzakhala mwamuna wovala tayi dzuwa likuswa mtengo, atafungatira fayelo ngati khanda.

"Pepani achemwali, musatsamire fayeloyi. M'menemu muli tsogolo la midzi."

"Tsogolo lake lopyapyala chonchi?"

Munthuyo anali a Frackson, ofesala wa bungwe lina lokumba mijigo. Asanafike pa Njuli anali atafotokoza kale kuti mjigo sukumbidwa ngati dzenje la zinyalala. Poyamba pamalembedwa chikalata cha maziko: cholinga cha ntchitoyo, woitsogolera, zovuta zomwe zingagwe, ndi mayina a onse okhudzidwa. Aliyense amafunsidwa maganizo ake, n'kusaina.

"Popanda chikalata chimenechi, fosholo siikhudza dothi," anatero akukonza tayi.

Nester, mlangizi wa zaumoyo wa ku Milepa, anaseka mpaka misozi. A Frackson anayesa wagoma nawo. Anapempha nambala ya foni, ndipo anapatsidwa.

Chikondi chinayaka ngati moto wa m'chilimwe!

"Duwa langa la ku Milepa, ukamwetulira ndimaiwala tsiku lotumiza lipoti."

"Nesi wanga, sindidzakusiya mpaka phiri la Chiradzulu litasamukira ku Zomba!"

Nester ankawerenga mauthengawa mobwereza, mtima uli dyokodyoko. Ndani sangakonde munthu woiwala lipoti chifukwa cha iye?

Koma mvula inagwa, nandolo anakhwima, anakololedwa, mvula ina inagwanso. Mawu okoma ankabwera tsiku ndi tsiku. Funso limodzi lokha ndi lomwe silinkabwera.

"A Frackson, kodi ifeyo tikupita kuti?"

"Zili m'dongosolo, wokondedwa."

"Dongosolo lake liti?"

"Sindingaulule zisanapse. Zinthu zimayenda m'magawo."

Mtima wa Nester unasowa pokhala. Ali ku sikelo ya ana, diso limodzi linkakhala pa mwana, lina pa foni. Loweruka lililonse a Frackson ankati ali ku msonkhano wa okhudzidwa. Msonkhano wanji wa Loweruka? Wokhudzidwayo amavala diresi la mtundu wanji?

Kenaka kunabwera mwayi: anamusankha ku sukulu ya unamwino kumpoto, maphunziro a zaka zitatu. Yankho linkafunika pofika Lachisanu. Nester anadziuza kuti akangomva funso lija, malowo awasiya. Anatumiza uthenga: "Ndili ndi nkhani yaikulu. Chonde tionane lero."

Yankho silinachedwe. "Ndatanganidwa ndi okhudzidwa, mtima wanga. Tiike sabata yamawa."

Lachisanu Nester anavomera malo aja, misozi ikudonthera pa foni.

Mawa lake, ali pa kabaza, wopalasa anatembenuka akusekerera.

"Mwayi wanu achemwali! Ife atiuza kale kuti tidzanyamule mipando."

"Mipando yanji?"

"Ya pa chinkhoswe, mu Ogasitimu."

"Chinkhoswe cha ndani?"

"Aaa, mukundiyesa? Chanu ndi abwana a mijigo aja!"

Nester anauza wa kabazayo kuti akhotere kwa amalume ake, a Rafaeli. Anapeza anthu ali pansi pa mtengo wa mango: amalumewo, amayi ake a Nester, mkulu wa mpingo, ndi a Frackson, fayelo yatsopano ili pamiyendo. Msonkhano wa Loweruka uja unali umenewu.

"Nesi! Wafulumira," anatero a Frackson. "Iweyo unali wa sabata yamawa."

"Ndinali wa sabata yamawa?"

"Eya. Gawo lomaliza: kudziwitsa wopindula."

Anatsegula fayelo monyadira. Zonse zinalimo. Cholinga chinali banja lolimba. Malo omanga nyumba pamudzi pa amayi a Nester anali atayezedwa kale ndi chingwe. Pa zovuta zomwe zingagwe panalembedwa mvula, kuthima kwa magetsi, ndi msuweni wina yemwe akamwa amalanda maikolofoni.

"Amalume munawafunsa?" anatero Nester.

"Ndiwo oyamba."

"Amayi?"

"Anadinda chala."

"A kabaza?"

"Ndi okhudzidwa pa nkhani ya mayendedwe."

"Nanga ine?"

A Frackson anayamba kutembenuza masamba, kunyowetsa chala, kutembenuzanso, ngati funsolo lagwera pakati pa mapepala. Amayi anayang'ana pansi. A Rafaeli anakanda mutu.

"Mwana wanga, ife timayesa munagwirizana kale awirinu."

"Amalume, munthuyu wafunsira mudzi wonse, kusiya ine ndekha!"

"Koma duwa langa, yankho lako linali lodziwikiratu," anatero a Frackson.

"Linali lodziwika kwa inu. Ine ndinalidikira funsolo mpaka dzulo. Ndikupita kusukulu kumpoto, ndavomera kale."

Mkulu wa mpingo anatsokomola, n'kufunsa ngati akhoza kutseka ndi pemphero. Nester anatembenuka n'kumapita.

Tsiku lonyamuka, pa siteji yomwe ija, a Frackson anabwera akuthamanga, opanda tayi, opanda fayelo. Manja awo ankasowa chogwira. Minibasi, yomwe masiku onse imachedwa, tsiku limenelo inadzaza msanga. Anangoonana pazenera, kondakitala n'kumenya chitseko.

Pa Njuli foni inalira. Uthenga wake unalibe mutu, unalibe magawo.

"Nester, kodi ungalole kuti ndikukwatire?"

Anauwerenga, n'kuupanikiza pachifuwa. Mawu okoma kuposa onse amene munthuyu analembapo! Chifukwa chiyani abwera lero?

Analemba pang'onopang'ono: "Funso limeneli linali la tsamba loyamba, a Frackson."

Anazimitsa foni, n'kulira mpaka ku Limbe.

Chikalata cha banja chija akuti chikadalipo, chosungidwa bwino mu pulasitiki. Ndi chokongola kwambiri. Aliyense anasaina.