Mzere wa Buluu pa Mwendo wa Atate

Tabeth ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ku Mnkhanya. Amakhala ndi Atate ndi Amayi ake.

Masiku ano Tabeth ali ndi nkhawa. Atate sakuyenda bwino. Akutsimphina.

Atate a Tabeth ndi a Enos. Iwo ndi msodzi. Amagwira nsomba mu mtsinje wa Luangwa. Tsiku lina anaponda nsomba ya munga m'bwato. Munga unalowa kuphazi. Atate anauzula okha.

"Ndi kachilonda chabe," anatero Atate.

Tsiku loyamba phazi linapweteka. Tsiku lachiwiri linatupa. Tsiku lachitatu nsapato inakana kulowa.

"Tiyeni kukiliniki," anatero Amayi.

"Mawa," anayankha Atate.

"Lero," anatero Amayi.

Atate anakhala pa njinga. Amayi anakankha njinga. Tabeth anayenda pambuyo. Dzuwa linali lotentha. Msewu unali wafumbi.

Kukiliniki anapeza namwino. Dzina lawo ndi Sisita Margaret. Anali atavala diresi yoyera.

"Muli bwanji, Atate a Tabeth?" anafunsa Sisita.

"Pang'ono, Sisita. Phazi ili."

Sisita anasamba m'manja ndi sopo. Anavala magolovesi. Anayang'ana phazi. Sanafulumire.

"Chinakulasani n'chiyani? Liti? Mukugona bwino?"

Atate anayankha. Sisita anamvetsera zonse. Kenako analemba m'buku.

"Tsopano nditsuka chilonda," anatero Sisita. "Chipweteka pang'ono. Sindikunamizani."

Anatsuka chilonda ndi thonje. Atate anatsinzina. Anagwira mpando mwamphamvu. Tabeth anawagwira dzanja.

"Tatha," anatero Sisita. "Mwalimba mtima."

Anamanga chilonda ndi bandeji. Anawabaya jekeseni pamkono. Anawapatsa mapiritsi.

Kenako Sisita anatulutsa cholembera. Chinali chonenepa, cha buluu. Anajambula mzere pa mwendo wa Atate. Mzere unazungulira pamene kutupa kunathera.

Tabeth anadabwa. "Sisita, mukulemba pa mwendo wa Atate?"

Sisita anaseka. "Inde. Mzere uwu utithandiza. Kodi masana amakhala ndi Atate ndani?"

"Ine ndimapita kuntchito," anatero Amayi. "Ndimachapa zovala ku loji ya alendo ku Mfuwe. Koma Tabeth ali pa holide."

Sisita anagwada. Maso awo analingana ndi maso a Tabeth.

"Bwera ndi dzanja lako," anatero.

Anaika kumbuyo kwa dzanja la Tabeth pamwamba pa mzere.

"Ukumva bwanji?"

"Pano pozizira."

Analiika pansi pa mzere.

"Nanga apa?"

"Pano potentha!"

"Wakhoza. Uzichita zimenezi m'mawa, masana ndi madzulo. Uzisamba m'manja poyamba. Kutentha kukadutsa mzere, usadikire. Kutupa kukadutsa mzere, usadikire. Uuze munthu wamkulu. Mubwere mudzandiuze."

"Ndamva, Sisita," anatero Tabeth.

Anabwerera kunyumba. Atate anagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anaika mwendo pa kampando, monga Sisita ananenera.

Madzulo Tabeth anasamba m'manja. Anagwira pamwamba pa mzere. Pano pozizira. Anagwira pansi pa mzere. Pano potentha. Zonse zinali bwino.

M'mawa anasambanso m'manja. Pano pozizira. Pano potentha. Zonse zinali bwino.

"Imwani mapiritsi, Atate," anatero Tabeth.

"Namwino wanga wamng'ono ndi wovuta!" anatero Atate. Anamwa akuseka.

Tsiku lotsatira Amayi analawira kuntchito. Tabeth anasesa pabwalo. Anadyetsa nkhuku. Dzuwa linafika pamutu.

Tabeth anasamba m'manja. Anagwira pansi pa mzere. Pano potentha. Anagwira pamwamba pa mzere.

Pano potenthanso.

Anagwiranso kachiwiri. Potentha. Khungu linali lolimba. Linali lonyezimira. Tabeth anayeza ndi zala zake. Chala chimodzi. Zala ziwiri. Zala zitatu. Kutupa kunali kutadutsa mzere.

Atate anali atafunda bulangete. Kunja kunali kotentha kwambiri. Koma Atate ankanjenjemera.

"Atate, kwadutsa mzere," anatero Tabeth.

Atate anaphimba mwendo ndi bulangete.

"Usauze munthu," anatero.

"Koma Sisita anati tisadikire."

"Ndati usauze munthu. Mawa ndikhala bwino. Pita ukasewere."

Tabeth anakhala kuseri kwa nyumba. Misozi inatsika. Iye amamvera Atate nthawi zonse. Atate akati tunga madzi, amatunga. Atate akati khala pansi, amakhala.

Anasuzumira. Atate ankabuula. Mano awo ankagundana.

Tabeth anapukuta misozi. Anaimirira. Anathamangira kwa Amai Precious.

Amai Precious amakhala nyumba yoyandikana. Amagulitsa tomato ndi anyezi. Ali ndi njinga yofiira.

"Odi, Amai! Odi!"

"Tabeth, walira chiyani?"

"Mwendo wa Atate wadutsa mzere wa Sisita. Akunjenjemera. Akukana kupita kukiliniki."

Amai Precious sanafunse zambiri. Anaphimba tomato ndi chitenje.

"Kwera. Undigwire mwamphamvu."

Njinga inathamanga. Inadutsa minda. Inadutsa chitsime. Inadutsa sukulu.

Mwadzidzidzi Amai Precious anaima.

"Chete," ananong'ona.

Patali panali njovu. Zinali kuwoloka msewu. Imodzi inali yaikulu. Ina inali ndi mwana. Njovu sizifulumira. Zinaima. Zinathyola masamba. Zinatafuna pang'onopang'ono.

"Amai, tichedwa," ananong'ona Tabeth.

"Tidikire, mwana wanga. Njovu ya mwana saiyandikira."

Tabeth anadikira. Njovu yaikulu inayenda. Ina inatsatira. Kamwana kanathamanga pambuyo. Zonse zinalowa m'tchire.

Njinga inathamanganso.

Kukiliniki kunali anthu ambiri. Amayi ambiri anabwera ndi ana kusikelo. Tabeth anaima pakhomo. Anachita manyazi.

Koma Sisita Margaret anamuona. Anabwera msanga.

"Tabeth! Atate ali bwanji?"

"Kwadutsa, Sisita."

"Kwadutsa motani?"

"Zala zanga zitatu. Ndipo akunjenjemera padzuwa."

"M'mawa kunali bwanji?"

"Kunali kusanadutse."

"Wachita bwino kwambiri," anatero Sisita.

Sisita anaitana namwino mnzawo. Anamusiyira ana a sikelo. Anaimba foni kuchipatala chachikulu. Anapempha ambulansi. Kenako anatenga chikwama chawo. Anakwera njinga yawo.

Njinga ziwiri zinafika pa mtengo wa mango.

Atate anaona diresi yoyera. Anakoka bulangete mpaka pakhosi. Anayang'ana Tabeth.

"Ndiwe wakawaitana?" anafunsa.

Tabeth anayang'ana pansi. Anabisala kumbuyo kwa Amai Precious.

Sisita sanakalipe. Anakhala pa mphasa, pafupi ndi Atate.

"Mwaswera bwanji, Atate a Tabeth?"

Atate anayang'ana kumbali.

"Sindigwira mwendo musanandilole," anatero Sisita. "Ndiuzeni chabe. Mukuopa chiyani?"

Atate anagwira mwendo wawo. Nkhuku inadutsa. Tsamba linagwa.

"Akandidula mwendo," anatero Atate. Mawu awo anali aang'ono. "Msodzi wopanda mwendo akwera bwanji bwato? Mwana wanga adya chiyani?"

Tabeth anadabwa. Sankadziwa kuti Atate nawonso amaopa.

"Ndakumvani," anatero Sisita. "Anthu ambiri amaopa zimenezo. Ndikuuzani zoona. Matenda akukwera mwendo. Mapiritsi achepa mphamvu. Mukufunika mankhwala olowa m'mitsempha. Mankhwala amenewo ali kuchipatala chachikulu."

"Ndiye sakandidula?"

"Mwana wanu waona msanga. Tikapita lero, mwayi ndi waukulu. Tikadikira, m'pamene pali zoopsa."

"Mupita nane, Sisita?"

"Ndipita nanu mpaka pa bedi. Ndikafotokoza zonse kwa adokotala."

Atate anapuma mozama. Anachotsa bulangete pa mwendo.

Sisita anasamba m'manja. Anayeza kutentha kwa thupi. Anawapatsa madzi akumwa. Anawapukuta nkhope ndi kansalu konyowa. Kenako anaimbira foni Amayi kuntchito.

Ambulansi inafika ndi fumbi lambiri. Amayi anafika akuthamanga. Anakwera pamodzi ndi Atate ndi Sisita. Chitseko chinatsekedwa.

Atate sananene kanthu kwa Tabeth.

Tabeth anatsala kwa Amai Precious. Anathandiza kusankha tomato. Anathandiza kutsuka mbale. Koma chakudya sankachifuna.

M'mawa mwake belu la njinga linalira. Anali Sisita Margaret. Anali kupita kuntchito.

"Tabeth, ndabwera ndi nkhani. Atate ali pa diripi. Mankhwala akulowa dontho limodzi limodzi. Kunjenjemera kwasiya."

"Mwendo ulipo?"

"Ulipo."

Tabeth anakumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Sisita, Atate andikwiyira?"

Sisita anatsika pa njinga. Anagwadanso.

"Munthu akamva ululu amalankhula mwaukali. Akaopa amalankhulanso mwaukali. Iwe sunalakwe. Kodi lero wadya?"

"Ayi."

"Pita ukadye. Ndidikira pano mpaka uyambe."

Tabeth anadya mbatata imodzi. Kenako anadya yachiwiri.

Tsiku lililonse belu linkalira. Tsiku lililonse Sisita ankabwera ndi nkhani.

"Lero kutupa kwatsika."

"Lero amwa phala lonse."

"Lero akhala tsonga. Akucheza ndi anzawo a m'chipinda."

"Lero achotsedwa diripi."

Panapita masiku asanu ndi awiri. Loweruka masana galimoto inaima kumsewu. Amayi anatsika poyamba. Kenako panatuluka ndodo. Kenako mwendo umodzi. Kenako mwendo wachiwiri.

Tabeth anafuna kuthamanga. Koma anaopa. Anaima pakhomo.

Atate anakhala pa mpando. Anali atawonda pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku.

"Tabeth ali kuti? Tabeth, bwera kuno."

Tabeth anabwera pang'onopang'ono. Anagwada.

"Ndinakuuza kuti usauze munthu," anatero Atate.

"Inde, Atate."

"Iwe unapita."

"Pepani, Atate."

"Ayi, mwana wanga. Wopepesa ndine. Adokotala anati tinafika nthawi yabwino. Anandifunsa kuti anaona ndani. Ndinati mwana wanga Tabeth. Ndinauza chipinda chonse."

Atate anatambasula manja. Tabeth analowa m'manja mwawo. Anamva fungo la sopo wa kuchipatala. Amayi anapukuta maso ndi chitenje.

Lolemba Sisita Margaret anabwera kudzasintha bandeji. Chilonda chinali chouma. Chinali chitachepa.

"Chikupola bwino," anatero Sisita. "Koma kumtsinje musapite mpaka chitseke. Mukayamba kupita, muzivala nsapato m'bwato."

"Ndamva, Sisita. Zikomo kwambiri."

"Tsopano mwendo ukufuna kuyenda. Tiyeni tiyese popanda ndodo."

Atate anaimirira. Sisita anaima kumanja kwawo. Amayi anaima kumanzere. Onse awiri anawagwira mikono. Tabeth anaima kutsogolo, manja ali otambasula.

"Werenga, Tabeth," anatero Sisita.

Atate anaponda.

"Wani!"

Anapondanso.

"Thuu!"

Amai Precious anatuluka m'nyumba mwawo. Anayamba kuwomba m'manja.

"Firii! Folo! Faifi!"

Sisita anachotsa dzanja lawo. Amayi nawonso anachotsa lawo. Atate sanazindikire. Anapitiriza kuyenda okha.

"Sikisi! Seveni! Eyiti! Naini!"

Tabeth ankabwerera m'mbuyo. Atate ankabwera kutsogolo.

"Iwe, ima pamenepo!" anatero Atate akuseka. "Ukundithawa?"

Tabeth anaima. Atate anaponda kamodzinso. Anamugwira manja onse awiri.

"Teni!" anafuula onse pamodzi.