Ndodo ya Bambo a Teleza

Teleza anali ndi chinsinsi. Chinsinsi chake chinali chisa cha kambalame. M'chisamo munali mazira awiri. Teleza ankafunitsitsa kuona tiana titatuluka m'mazirawo.

Teleza ankakhala m'mudzi wa antchito, pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Kumaso kwa nyumba kunali tiyi. Kumanja kunali tiyi. Kumanzere kunalinso tiyi. Koma kuseri kwa nyumba kunali kankhalango.

M'kankhalangomo munali kasupe. Munali apusi ndi agologolo. Munali agulugufe ndi abilimankhwe. Munalinso kambalame kaja, ka khosi loyera.

Bambo a Teleza anali a Jonas. Ntchito yawo inali yodulira tiyi. Anali ndi mpeni wokhota. Analinso ndi ndodo yoyezera. Ankaimika ndodo pambali pa tiyi. Nthambi ikapitirira ndodo, khwa! Yadulidwa. Munda wonse unkakhala see ngati tebulo.

Koma vuto linali limodzi. Dzanja la a Jonas silinkadziwa kuweruka. Anadulira mpanda wa pakhomo, see! Anadulira maluwa a amayi, see! Ngakhale tsitsi la Teleza ankaliyang'ana ndi diso lomwelo.

Lachisanu madzulo kunabwera a Winston, oyandikana nawo nyumba.

"Achimwene, njira ya kukasupe yawirira," anatero a Winston. "Azimayi akunyowa ndi mame. Mawa tikalambule."

"Musadandaule," anayankha a Jonas. "Tchire lonselo ndikalidulira see!"

Teleza anadzidzimuka. Chisa chake chinali pa chitsamba cha m'tchire lomwelo.

"Ababa, m'menemo muli chisa," anatero Teleza.

"Mbalame zili ndi mapiko, mwanawe. Ziuluka."

"Nanga mazira ali ndi mapiko?"

Bambo sanamve. Ankanola mpeni wawo pamwala.

Kutacha, Teleza anadzuka msanga. Ankadziwa chinthu chimodzi. Popanda ndodo, bambo sadula kanthu. Anatenga ndodo ija. Anathamangira kunkhalango. Anaiimika pambali pa chisa, n'kubwerera kunyumba.

Posakhalitsa anthu anasonkhana ndi zikwanje. A Jonas okha ndi amene ankachedwa. Anasuzumira pansi pa bedi. Ndodo palibe. Anasuzumira kuseri kwa chitseko. Ndodo kulibe. Anasuzumira mpaka m'khola la nkhuku!

"Popanda ndodo ndidula bwanji?" anadandaula a Jonas.

Teleza anachita mantha. Koma bodza sankalikonda.

"Ababa, ndatenga ndine," anatero motsitsa mawu.

Bambo anakwinya nkhope. "Ili kuti?"

"Tiyeni ndikakuonetseni."

Analowa m'nkhalango awiriwo. Teleza anali patsogolo. Bambo anali pambuyo. Anawerama. Anakwawa. Munali mozizira bwino, ndipo madzi a kasupe ankamveka.

"Ndi iyo," ananong'ona Teleza.

Bambo anatambasula dzanja kuti atenge ndodo. Kenaka anaima. Pambali pa ndodo panali chisa. M'chisamo munalibenso mazira. Munali tiana tiwiri, tikamwa tili yasa!

Teleza anagwira pakamwa. Anasangalala mpaka misozi inalengeza. Pa nthambi panali mayi wa tianato, kanyongolotsi kali kukamwa.

Bambo anayang'ana ndodo. Anayang'ana chisa. Anayang'ananso ndodo. Chisa chinali pamwamba pang'ono kuposa ndodo. Mpeni wawo ukanadutsa pomwepo.

Bambo anatembenukira kwa Teleza.

"Teleza, kutenga chinthu osapempha si bwino," anatero.

"Pepani, ababa."

"Kusamvera mwana si bwinonso. Pepa, mwana wanga."

Anatuluka pang'onopang'ono. Anthu ankadikira panjira.

"Anzanga, nkhalango si tiyi," anatero a Jonas. "Muno muli eni ake. Ali ndi ana ngati ife."

"Nanga mame aja?" anafunsa a Winston.

A Jonas sanaimike ndodo. Anaigoneka pansi, mopingasa njira.

"Lero ndodo igona," anatero. "Tilambule kuyambira apa kulekeza apa. Kupitirira ndodo, osadula."

Anthu anaseka. Anali asanaonepo ndodo ya a Jonas itagona. Koma anavomera.

Teleza ankanyamula ndodo. Ankaigoneka, anthu n'kulambula. Ankaisuntha, anthu n'kulambulanso. Khwa! Khwa! Khwa! Mpaka kukasupe. Njira inayera. Mame sanafikenso pa zitenje za azimayi. Ndipo nkhalango inatsala yonse.

Panapita masabata awiri. Lamulungu masana, Teleza anakhala pakhonde ndi amayi ndi bambo. Timbalame tiwiri tinatera pampanda. Tinali ndi makosi oyera.

"Ndi tomwe tija!" anafuula Teleza.

Timbalameto tinauluka kubwerera kwawo. Bambo anatiperekeza ndi maso. Anaona mitengo yaitali. Anaona mitengo yaifupi. Anaona nthambi zotulukira uku ndi uku. Zala zawo zinayamba kuyabwa.

"Bambo a Teleza, dzanja lija layambanso," anaseka amayi.

Teleza analigwira dzanjalo ndi manja ake awiri.

"Ababa, dzanja laweruka," anatero.

Bambo anaseka kwambiri. Anafumbata timanja ta Teleza, ndipo sanatitaye.