Inki Inachoka, Mzere Unatsala

M'nyumba ya bambo wokonza mapepala akale, tsiku linkayamba ndi pemphero, kenako ntchito. Anthu osunga ndalama zamapepala zamakedzana, zija zinasiya kugula kanthu koma okonda kutolera amazilirira, ankabwera nazo zikadetsedwa ndi inki. Bamboyo ankapukuta ndi kathonje konyowetsa mu mankhwala, modekha, kadontho kamodzi tsiku lathunthu.

Mwana wake wamkazi anthu ankamutchula Kaliwiro, chifukwa ngakhale pemphero ankalithamangitsa. Koma luso anali nalo, abale inu!

"Mwanawe," ankatero bambo ake, "banga langozi timachotsa. Koma ukaona dzina la munthu, usakhudze mpaka mwini wake aime pano."

"Ndamva, ababa," ankayankha, maso ali pawindo.

Tsiku lina makolo ali kuchipatala, munalowa mkulu wogulitsa zinthu zakale, wa suti yonyezimira, wodziwika kuti Achitayi. Anakhuthula envulopu patebulo. Ndalama iliyonse inali ndi zilembo ziwiri za inki pangodya.

"Ana ankaseweretsa cholembera, tangofutako," anatero.

"Ababa amakaniza."

"Ababa, ababa! Luso lonseli, foni ulibe? Akukusunga ngati tsache la kuseri kwa chitseko." Anaika foni yatsopano pambali pa envulopuyo.

Kaliwiro anadziwa kuti ana salemba mwaudongo choncho. Mtima unamuuza ndithu, koma dzanja linali litafika kale pafoni. Masana atatu anafuta mobisa. Mayi ake atafunsa za fungo la mankhwala m'chipinda, anati akuchapa nsapato.

Patatha sabata, apolisi anagogoda, ali ndi Achitayi komanso mayi wamasiye wokalamba. Mwamuna wa mayiyu anatolera ndalamazo zaka makumi anayi, iliyonse akulembapo zilembo za dzina lake. Akuba anazitenga, ndipo zinapezeka m'sitolo ya Achitayi.

"Ine ndinagula kwa bambo awa, zoyera chonchi," anatero Achitayi, osaphethira n'komwe. "Wakuba ndi ameneyu."

Unyolo unalira khwatha pa manja a bamboyo, manja amene sanatolepo ndi singano yomwe ya mwini. Mayi ake a Kaliwiro anagwa pansi ndi kulira. Bambo sanadziteteze. Anangoyang'ana mwana wake kamodzi, naweramitsa mutu. Kaliwiro anamva manyazi otentha mpaka m'mafupa. Akanakhala chete, akanapulumuka.

"Amasuleni!" anakuwa. "Ndinafuta ndine. Anandituma ndi awa."

Achitayi anaseka chikhakhali. "Kamwana kabodza! Dzinalo lili pati?"

Apa mtsikanayo anakumbukira zimene bambo ake anamuphunzitsa iye akuyasamula: cholembera chimasiya inki, komanso chimakanda pepala. Anatseka makatani, nayala ndalama imodzi mwa zimene apolisi anabwera nazo, nawalitsa tochi cham'mbali, mogoneka. Taonani! Timizere tiwiri tinatuluka bwinobwino pangodya. Anayala yachiwiri, yachitatu, zonse chimodzimodzi.

"Dzanja la amuna anga ili!" analira mayi wamasiye, akusisita pepalalo.

Kenako Kaliwiro anatulutsa foni ija m'thumba, napereka kwa wapolisi. Munali uthenga wa Achitayi: "Futa zonse, bambo ako asadziwe." Suti yonyezimira ija inanyowa ndi thukuta, ndipo unyolo unasamukira kwa mwini wake weniweni. Mayi ake a Kaliwiro anadzuka n'kululuta, aneba akuwomba m'manja pakhomo.

Kaliwiro sanapite waulere ayi. Khoti linamulamula kusesa kuchipatala miyezi isanu ndi umodzi, anzake akumuloza zala. Anasesa osadandaula.

Kaliwiro atamaliza chilangocho, mayi wamasiye anabwera ndi envulopu ija pamodzi ndi cholembera cha malemu.

"Unafuta ndiwe, ulembenso ndiwe, mdzukulu wanga."

"Zitsika mtengo, amayi," anachenjeza bambo.

"Ndani wakuuzani kuti ndikugulitsa?"

Kaliwiro anakhala pansi, natsata timizere tija pang'onopang'ono, misozi akupukutira paphewa kuti isadonthere pepala. Anatenga tsiku lonse, ndipo palibe anamuuza kuti adekhe.

Mwana iwe, imva: tchimo ungalipukute mpaka maso a anthu asalione, koma limasiya mzere, ndipo Mulungu amauona. Lapa msanga, unyolo usanagwire wosalakwa amene amakukonda.