Masabata Atatu Pamphasa ya Maliro

Pepala la imfa ya bambo Albert linali mu sutikesi, sutikesiyo inali pansi pa bedi, ndipo pabedipo panakhala namfedwa, mayi Lidiya, kiyi ali lende pakhosi. Tisungeni, mkazi wa mwana wawo Lawson, anagwada pakhomo la chipinda, fomu ya kuyunivesite ili m'manja.

"Amayi, ndikungobwereka. Akuyunivesite akakaliona ndibwera nalo tsiku lomwelo."

"Muroora," anatero mayi Lidiya osamuyang'ana n'komwe, "mwamuna wanga sanathe ndi mwezi womwe m'manda. Wasanduka kale kalata yopepesera kusukulu?"

Muroora! Zaka zinayi ali m'nyumba imeneyi ku Caledonia, komboni ya m'dziko la anthu a Chishona, koma dzina lake anali asanalimvepo pakamwa pa apongozi akewo. Mayi Lidiya ankayankhula Chichewa chenicheni cha makolo awo a ku Dedza, koma akafika pa Tisungeni ankatola mawu a Chishona otanthauza mkazi wa mwana, basi.

Nkhani yake inali iyi. Tisungeni anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a uphunzitsi, ndipo lamulo la kuyunivesiteko linali louma ngati nkhuni: wojomba makalasi opitirira awiri pa khumi alionse salowa m'chipinda cha mayeso. Amakhululukira yekhayo wobweretsa kalata ya dokotala, kapena pepala la imfa ya kholo, mwana, mwamuna kapena m'bale wa bere limodzi. Tisungeni anali atajomba masabata atatu athunthu.

Nanga akanatani? Mwambo wa banjali unali woti namfedwa satuluka pageti mpaka tsiku lometa maliro, komanso sasiyidwa yekha. Lawson anangoika bambo ake m'manda, nakhala masiku awiri, ulendo wobwerera ku Joni koyendetsa thiraki. Mchemwali wake Dinah anapirira masiku anayi, kenako anati mabwana ake a kufakitale ku Msasa ayamba kufunsa. Anatsala ndani? Tisungeni, yemwe uja sanabadwire pano, amene makolo ake anabwerera kalekale kwawo ku Katete. Ndiye ankalawirira kumjigo, kutenthetsa madzi osamba, n'kukhala pamphasa pambali pa apongozi ake kulandira opepesa mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Atabwerera kusukulu Lolemba, tsiku lometa lisanafike, anapeza dzina lake pabolodi, pamndandanda wa oletsedwa mayeso. Anamuuza kuti ngati ali ndi dandaulo alipereke pofika Lachisanu, umboni uli pomwepo. Kupanda kutero abwereza chaka, ndipo bungwe la mpingo lomwe linkamuphunzitsa silinkathandiza wobwereza. Zaka zinayi zinali pafupi kupita m'madzi.

Anakwera pamulu wa njerwa kuseri kwa nyumba, pokhapo pomwe netiweki inkagwira, n'kuimbira mwamuna wake.

"Bambo, ayankhuleni amayi. Inu akumverani."

"Iwe, usandilowetse m'nkhani za amayi, ali pachisoni. Mayeso amalembedwa chaka chilichonse. Ndili pamsewu, tiyankhulana."

Foni inaduka. Tisungeni anakhalabe panjerwapo, kuyang'ana madenga a malata opsinjidwa ndi miyala mpaka kumene maso amalekezera. Anthu onsewa, nyumba zonsezi, koma panalibe khomo ngakhale limodzi loti angagogode n'kukalirapo. Anasungulumwa, misozi n'kumangoyenderera yokha.

Lachinayi masana Dinah anabwera kudzazonda mayi ake, buledi ali kukhwapa. Atangomva za pepala lija anaomba m'manja.

"Koma alamu! Sukulu yakulowani m'mutu eti? Maliro sitinamete, inu mukufuna mapepala a malemu aziyenda m'makombi?"

"Alamu, inuyo munakhala masiku angati pamphasa?"

"Ine ndili pantchito."

"Nanga ine ndili pachiyani? Pamasewera?"

Dinah anangoti kukamwa yasa, poti mlamu wakeyu anali asanayankhepo munthu chibwerereni. Koma amene anaphulika ndi mayi Lidiya. Anadzuka pabedi paja, mpango wakuda uli pendeke.

"Lembani mayesowo muzipita! Lawson anapita. Dinah amabwera ngati mlendo, maso ali pawotchi. Albert wandithawa. Inunso mukakhoza, boma likutumizani kusukulu ya kuchigwa uko, ine ndizicheza ndi makoma awa. Pitani nonse!"

"Ndiye mukufuna ndilephere kuti mukhale ndi wokutungirani madzi?" anatero Tisungeni. "Amayi, ndakusambitsani, ndakudyetsani, ndalira nanu. Ndinalakwa kukhala nanu?"

Sanadikire yankho. Analowa kuchipinda kwake, chitseko phaa, mpaka kalendala ya mpingo inagwa pakhoma. Analira mokweza osasamala kuti oyandikana nawo akumva. Dinah anadikira pang'ono, kenako anati makombi avuta kukada, nanyamuka. M'nyumba munangoti zii, azimayi awiri aliyense kuseri kwa chitseko chake.

Lachisanu m'mawa Tisungeni anapitabe kumjigo. Anatenthetsa madzi, nawasiya kubafa monga mwa masiku onse, naika tiyi patebulo. Anagogoda pachitseko cha apongozi ake.

"Amayi, madzi ali kubafa. Ndapita."

Ananyamula fomu yake yopanda umboni, poti munthu sungangokhala pansi osakayesako. Ali pamzere wodikira kombi, minibasi ya m'tauni, anaona azimayi a kumjigo asiya zidebe, akulozerana kumsewu. Atatembenuka, mutu unaima. Mayi Lidiya anali akubwera m'fumbi lija, zovala zakuda kuyambira kumutu, nsapato za kutchalitchi zowathina, jumbo atalikumbatira pachifuwa.

"Amayi! Simunamete! Anthu anena chiyani?"

"Anene, pakamwa ndi pawo. Madzi aja munasiya ndasamba. Sendezani chikwamacho ndikhale."

Njira yonse mpaka m'tauni Tisungeni ankangomva jumbo lija likulira tchekwetchekwe kombi ikagunda dzenje.

Muofesi ya mayeso anapeza kalaliki wa magalasi, bambo Clemence. Anatambasula pepala la imfa, naliwerenga bwinobwino.

"Malemuwa ndi ndani wanu?"

"Apongozi anga. Bambo a mwamuna wanga."

"Setifiketi ya ukwati ili kuti?"

Ukwati wa Tisungeni ndi Lawson unamangidwa ndi ankhoswe, nkhuku inadyedwa, mboni zinalipo zodzaza bwalo, koma pepala panalibe. Ndani kwawo anaganizapo kuti tsiku lina ukwati udzafunika chidindo?

"Pepani," anatero bambo Clemence, akubweza pepalalo. "Lamulo likuti kholo. Apa palibe chosonyeza kuti inu ndi malemu munali pachibale."

Mayi Lidiya anaika dzanja papepalalo lisanafike kwa Tisungeni. Anayankhula Chishona chawo cha pamsika, pang'onopang'ono, kuti kalalikiyo amve liwu lililonse.

"Mwanangu, ndiyang'ane. Zovala izi ukuzidziwa. Kwathu namfedwa satuluka pageti asanamete, koma ine ndatuluka, ndipo achibale a mwamuna wanga andidya wamoyo. Ndinabereka ana awiri. Wina anakhala nane masiku awiri, wina anayi. Uyu anakhala makumi awiri ndi limodzi. Amene anatseka maso a Albert ndi uyu. Amene anajombetsa mwanayu ndine, ndipo pepalali ndinamumana ndine, chifukwa ndinkaopa kutsala ndekha. Ngati pali wolanga, langani ine." Analoza mpongozi wakeyo. "Dzina lake ndi Tisungeni. Ndi mwana wanga."

Tisungeni anagwira pakamwa. Misozi inadutsa pakati pa zala.

Bambo Clemence anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira. Kenako anati kulemba kuti malemu anali bambo ake omubereka sangathe, koma pali njira ina: mayiwo akalumbire kwa wolumbiritsa anthu pansi pa nyumba yomweyo kuti ukwati wa mwambo ulipo, ndipo komiti ikaona Lolemba. Anawachenjeza kuti ofesi itsekedwa ikamakwana folo koloko. Mayi Lidiya anavula nsapato zowathina zija, natsika masitepe ali chosavala kuphazi.

Lolemba dzina la Tisungeni linachotsedwa pabolodi. Mtengo wake analipira ndi mayi Lidiya. Patsiku lometa, alongo a malemu anakhala chofulatira, amvekere mkazi anathamangira m'tauni dothi la pamanda lisanaume. Dinah anatha mwezi osaponda pakhomopo. Lawson anangotumiza uthenga wa mawu atatu wofunsa ngati zonse zatha. Namfedwayo anameza zonsezo osatsegula pakamwa.

Tsiku la mayeso omaliza, Tisungeni pobwera anapeza apongozi ake atakhala pampando pageti, mutu wometa uli mumpango, foni yakale ya malemu ili pamiyendo.

"Walemba bwanji, mwanawe?"

"Ndikuona ngati ndakhoza, amayi."

"Ndiye kuti akutumiza kutali."

"Mwina. Koma nyumba za aphunzitsi zimakhala ndi zipinda ziwiri. Tidzapita tonse."

Mayi Lidiya anapukusa mutu. "Nanga manda a bambo ako adzalambula ndani? Ine ndine wa pano. Iwe pita, usayang'ane m'mbuyo chifukwa cha nkhalamba." Anakweza foni ija. "Koma usanapite undiphunzitse kuwerenga mameseji pachinthuchi. Enawa salemba. Iwe uzilemba."

Tisungeni anaika chikwama pansi. Anawagwira dzanja n'kuzungulira nawo kuseri kwa nyumba, nawakweza bwinobwino pamulu wa njerwa paja pomwe netiweki inkagwira. Anakhala moyandikana, mapewa atagundana, ndipo iye analemba uthenga woyamba ali pomwepo. Foni ya malemu inalira m'manja mwa mayi Lidiya. Anaiyandikitsa kumaso, nawerenga chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera.

"Amayi... madzi... ali kubafa."

Anaseka, kenako analira, foni ataikumbatira pachifuwa.