Botolo la Soda la Mayi Luo

"Iwe Yanni, ngongole yanga ya dzulo sunabweze," anatero Mayi Luo akulowa mu wodi momwe munagonekedwa mwana wawoyo, fungo la mabanzi ophika ndi nthunzi amene amagulitsa pamsika likuwatsatira. Anatulutsa botolo la madzi osungunuliramo soda yophikira m'chikwama. "Unalonjeza kuti umwa lonse. Imwa, nesi asanabwere."

Yanni anatembenukira kukhoma. Impso zake zinali zitafooka, ndipo sabata imeneyo makina ankachotsa madzi oipa a m'magazi ake n'kulowetsamo ena abwino. Akachoka pamakinapo, milomo inkachita dzanzi, zala n'kumapindika zokha.

"Sindimwa, Amayi."

"Ati chiyani? Chaka chatha adokotala omwewa ankati magazi ako achuluka asidi, uzimwa soda. Lero akuti usiye. Akuyesa ndine chitsiru chifukwa sindinapite patali ndi sukulu? Mwana ndi wanga!"

"Ndiye thupi ndi langa," anayankha Yanni. "Dokotala Tan anandifotokozera. M'makinamo amathiramo mankhwala oti magazi asaundane. Akalowa m'thupi amasanduka soda, ndiye impso zangazi sizikutha kuitulutsa. Yadzadza kale, n'chifukwa chake zalazi zikumapindika. Inu mukuwonjezera."

"Nzeru za m'kalasi izo! Soda inapha ndani?"

Mayi Luo anatsegula botolo n'kuligunditsa pamlomo pa mwanayo. Yanni analikankha, koma dzanja linakana kutambasuka. Zala zinauma gwa, chachikulu chitapindikira m'kati. Analikweza dzanjalo pamaso pa amayi ake.

"Taonani. Amayi, mukachulutsa soda mu ufa, mabanzi amatani?"

"Amachita chikasu, n'kumawawa. Ngakhale galu sadya. Ukundifunsa ntchito yanga?"

"Ndiye mumathiramonso ina kuti akhale bwino?"

Mayi Luo anatsitsa botolo lija. Anayang'ana zala zija, zala zomwe zinkawathandiza kukanda ufa m'mawa uliwonse sukulu isanayambe.

"Ngongoleyo sindibweza," anatero Yanni. "Lero ayi, mawanso ayi."

"Mwano basi. Watengera bambo ako," anang'ung'udza mayiwo.

Anapita pasinki n'kukhuthula botolo lonse. Kenako anasuzumira pakhomo, mawu awo a pamsika n'kudzaza khonde lonse.

"Anesi! Itanani Dokotala Tan msanga! Mwanayu ndakhala ndikumumwetsa soda mobisa. Kundikalipira mundikalipire pambuyo, yambani mwaona dzanjali!"