Ifika Iyi, Mayi

Izi sindinachite kumva kwa anthu. Ndinaona ndekha dzuwa likuswa mtengo, ndipo mlamu wanga analipo.

Ndinkafuna galimoto yotengera ana anga kusukulu. Ndinapeza ina yakale koma yowala bwino, kungoti buku lake la sevisi panalibe. Wogulitsa anati linasowa posamuka. Mlamu anati tisavutike, makanika aione kaye. Makanikayo anthu ankangomutcha Ifika, chifukwa galimoto iliyonse, ngakhale yomanga ndi waya, ankaimenya pabonati n'kunena kuti, "Ifika iyi."

Atalowa pansi pake anakhalitsa. Potuluka anangoima n'kumaiyang'ana galimotoyo.

"Bwanji, bambo?" ndinafunsa.

"Palibe. Ifika iyi, mayi."

Pabonati sanamenye. Ine kupusa kwangaku, ndinagula.

Sabata yoyamba m'galimotomo munayamba fungo la mafuta a mabuleki losakanikirana ndi dothi lonyowa, pomwe kunja kunali kouma gwa. Lachinayi masana tikuchokera kusukulu, mwana wanga wamkazi anayankhula chapansipansi ali kumbuyo.

"Amayi, mayi akhala apawa akuti sanafike."

Ndinayang'ana pagalasi. Pampando wapakati panalibe munthu. Lamba wake anali womanga.

Ndinaponda buleki. Inangolowa ngati ndaponda matope. Chiwongolero chinakana manja anga. Galimoto inakhota yokha, n'kukhotanso, n'kukaima bwinobwino pageti la Ifika.

Ndinatulutsa ana, ndinaimbira mlamu, ndipo makanikayo ndinamulalatira mpaka mawu kusasa. "Munati ifika! Mumakwera ana anga umu!"

Anakana kulowanso pansi. Mlamu atafika anamugwira pakolala, ndiye anavomera. Anaikweza ndi jeke, anaika zitsulo zochirikiza, anatsekera matayala ndi miyala. Mlamu anaigwedeza yekha kuti aone. Inali nji.

Ifika analowa pansi pake.

Wailesi ya m'garajamo inazima. Fungo lija linabwera. Kabokosi ka kutsogolo m'galimotomo kanatseguka kokha, ndipo m'kati munali buku la sevisi, lonyowa. Tsamba lomaliza linali la mabuleki. Chidindo chinali cha Ifika.

Pansipo tinamva Ifika akunong'ona.

"Pepani, mayi. Ndinangomanga ndi waya. Ndinkati mufika."

Sankayankhula ndi ine.

Jeke inayamba kutsika. Pang'onopang'ono. Palibe anaigwira. Zitsulo zija zinapindika ngati kandulo padzuwa. Tinakuwa, anthu anathamanga, tinainyamula amuna asanu ndi ine.

Moyo anapulumuka, koma miyendo sinayendenso. Ali m'chipatala anaulula yekha kwa mlamu kuti mwini wake woyamba wa galimotoyo anali namwino, anafera pamtsetse tsiku lomwe anachoka kokonzetsa mabuleki pagaraja pa Ifikayo. Galimoto anaiwongola, anaipenta, n'kuigulitsa.

Ndinene zoona, chisoni sindimumvera. Munthu anaona waya wake yemwe ali pomwepo, anandiyang'ana m'maso, n'kundilola kuti ndikweze ana anga.

Mawa lake makanika wina anaiona galimotoyo paliponse. Waya sanaupeze. Anati paipi ya mabuleki ndi yatsopano, yomangidwa bwino, ndipo anafunsa kuti anaika ndani. Lamba wapakati anali womasula. Ndinatsegulanso buku lija. Pansi pa chidindo panali mawu amodzi amene dzulo lake panalibe, olembedwa ndi dzanja laukhondo.

"Ndafika."